Manja Oyera M'nyengo Yosoka Fodya

Fodya wamuwisi ali ndi fungo lake lowawa, lokakamira kukhosi, ndipo amasiya m'manja utomoni wakuda umene madzi okha sachotsa. Ndinali ndi zaka khumi chaka chimenecho, ndipo ndinkadzuka ndi fungo limeneli n'kugonanso nalo. Tinkakhala pa esiteti ina m'chigwa cha Henga ku Rumphi, m'kanyumba kaudzu kumapeto kwa mzere wa matenanti. Tinachokera ku Phalombe pa lole, ine, bambo ndi mayi. Mayi anamwalira mvula itangoyamba, ndipo tinawaika m'manda a eni mudzi, pakona pamene anatilozera. Sindinalire. Amayi a pamzere ankandiyang'ana kudikira misozi, koma m'kati mwanga munangochita dzanzi, ngati phazi limene walikhalira nthawi yaitali.

Ntchito ya mayi inagwera ine. Bambo ankalawirira kumunda kukathyola masamba, n'kumawatuta kudzawaunjika m'chigafa. Ine ndinkakhala pa chiguduli ndi singano yosulidwa ku sipoko ya njinga, kusoka masambawo n'kuwakoloweka pa mikangala kuti aume. Fodya wothyola sadikira munthu. Akagonera pamulu amatentha, n'kuda, n'kuwola, ndipo thukuta la chaka chonse limathera pomwepo.

Alendo anafika mu Febuluwale, ntchito itafika pakhosi. Anali anthu asanu ndi mmodzi a mpingo wina wa ku Korea, ovala zipewa zazikulu ngati malichero. Anatsegula sukulu ya ana a matenanti m'katchalitchi ka zidina pafupi ndi msewu wa ku Njakwa. Ife sitinali m'kaundula wa sukulu iliyonse, chifukwa chaka chilichonse tinkasamuka. Wowamasulira anali a NyaGondwe, mphunzitsi wopuma wa ku mishoni, amene Chichewa chawo chinkatuluka ndi kayimbidwe ka Chitumbuka. Iwowo ndi amene anayenda pamzere kulengeza kuti mwana amene abwere tsiku lililonse kwa masabata asanu ndi limodzi adzalandira yunifolomu ndi kalata yomulowetsa sukulu ya boma.

Sindinganame kuti ndinkakonda sukulu. Masiku amenewo sindinkakonda kanthu. Koma ndinali nditaona atsikana a eni mudzi akudutsa m'madiresi abuluu, manja ali mbee, ndipo ndinafuna kalatayo monga munthu amafunira mthunzi. Bambo sindinawauze. Ndinkasoka mofulumira m'mamawa, akangolowa m'munda wakutali ine n'kuzemba podzera m'chimanga, kubwerako dzuwa lili pamutu.

Alendowo anali ndi mwambo wawo. Pakhomo pa tchalitchi ankaika beseni ndi sopo wapinki, ndipo mwana aliyense ankasambitsidwa m'manja asanagwire buku, chifukwa tsiku loyamba tinadetsa mabuku onse. Wondisambitsa ine anali mtsikana wamagalasi amene tinkamutcha a Mina. Ankagwada m'matope, n'kupukuta chala chimodzichimodzi, akuyimba chapansipansi m'chinenero chake. Madzi ankasanduka akuda ngati a m'chithaphwi. Kenako tinkalowa, kupemphera, kuyimba nyimbo zowomba m'manja, ine n'kumangoyendetsa milomo. Pakhoma panali pepala la maina athu, ndipo tsiku lililonse munthu akabwera ankamumatira kanyenyezi konyezimira.

Vuto linali pobwerera. Pamzere wa matenanti mu Febuluwale, mwana wa manja oyera ndi mwana amene wathawa ntchito, sipafunikanso mboni. Choncho ndinkapatukira m'munda wa eni esiteti, n'kufikisa masamba a fodya m'zikhatho mpaka zitadanso bii. A Mina ankatsuka m'mawa, ine n'kudetsa masana. Tinagwira ntchito yolimbana imeneyi masabata atatu, mwiniwake osadziwa kanthu, ndipo nyenyezi zanga zinafika pakati pa mzere wa dzina langa.

Akuti mlendo ndi amene amayenda ndi kalumo kakuthwa. Athuwa anabwera ndi kowengera zikhadabo. Lachisanu lina a Mina anatiwenga tonse, bwinobwino, n'kupalapala m'mphepete. Pobwerera ndinadetsa manja monga mwa masiku onse, za zikhadabo osaziganizira. Masana amenewo bambo anatula mtolo m'chigafa, n'kundipatsira chingwe chosokera, ndipo maso awo anaima pa zala zanga.

"Wakuwenga ndani?" anafunsa.

Anagwira dzanja langa n'kulitembenuza, kuliyang'ana nthawi yaitali. Ndinadikira khofi, koma silinabwere. Anasiya dzanjalo, n'kupita pa mulu wa kumbuyo umene ndinkauphimba ndi masaka, wa masamba amene ndinkalephera kumaliza. Anavundukula n'kulowetsamo mkono. Kenako anandiitana, ine n'kulowetsamo wanga. M'kati munali motentha ngati pamphumi pa munthu wamalungo, ndipo masamba a pansi anali atayamba kuterera.

Tinataya mitolo iwiri kuseri kwa chigafa. Bambo sanakalipe. Atatha anakhala pa chiguduli changa, n'kutola singano ndi zala zawo zikuluzikulu zong'aluka.

"Lolemba upite, mwanawe," anatero osandiyang'ana. "Ndizithyola n'kumasoka ndekha."

Lolemba linafika. Ndinamva belu la tchalitchi, chitsulo cha gudumu la galimoto chimene ankachimenya ndi mwala. Ndinamva ana a pamzere akuthamanga. Bambo anali atapita kumunda, palibe amene ankandilondera. Ndinayang'ana mulu wa tsikulo, ndinakhala pansi, ndinatola singano. Sindinamve chisoni kapena mkwiyo. Ndinangosoka, belu n'kuleka lokha.

Patapita masiku anayi a Mina anabwera ndi a NyaGondwe mpaka kuchigafa, nsapato zawo zitalemera ndi matope. A Mina anayankhula zambiri, maso ali jenjenje kuseri kwa magalasi.

"Akuti mpando wako ulipo," anamasulira a NyaGondwe. "Akufunsa ngati adada ako akukuletsa."

"Ayi, sakundiletsa."

"Nanga n'chifukwa chiyani, mwana iwe?"

Ndinaloza mulu. A NyaGondwe anauyang'ana, n'kuyang'ana mikangala yopanda kanthu pamwamba pathu, ndipo anapumira m'mwamba. Anali mwana wa m'chigwa momwemo, sanafunikire kuuzidwa. "Suzgo chomene," anatero motsitsa m'Chitumbuka, kutanthauza vuto lalikulu, ndipo a Mina sanawamasulire. A Mina anagwada n'kundigwira manja onse awiri kupemphera, utomoni n'kuwamatirira m'zala. Ine ndinkangoyang'ana nyerere zikukwera nsanamira, kudikira ameni kuti ndipitirize.

Alendowo anachoka kumapeto kwa Malichi. Mwa ana onse a pamzere wathu, amene analandira yunifolomu anali atatu, onse a m'mabanja okhala ndi manja ambiri. Ife titagulitsa fodya tinasamukira ku Katowo, ndipo kuwerenga ndinadzaphunzira ndili mayi kale, ku sukulu ya kwacha.

Alendo aja sindiwasungira kanthu kukhosi. Anabwera mwezi umene kwawo kunali tchuthi, ndipo palibe anawauza kuti akanabwera mu Julayi akanatipeza tikungosewera fulaye. Koma kwa zaka zambiri, anthu akandifunsa, ndinkayankha kuti bambo anandiletsa sukulu, chifukwa yankho limenelo anthu amalimva msanga. Ndinanamizira munthu amene anandiuza kuti ndipite. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti Lolemba lija ndinasankha ndekha, ndipo ndinkachita nazo manyazi. Lero ndili ndi mtsikana wa zaka khumi amene sadziwa n'komwe kuti mulu wa fodya umatentha. Ndikamuona akudandaula kuti yunifolomu yamuthina, ndimadziwa kuti pa chiguduli paja panalibe chosankha, ndipo bambo ankadziwa zimenezo pamene ankanena mawu aja osandiyang'ana.