Chala Changa ndi Zitini za Kuseri kwa Chigayo

Amene anandilakwira ndi a Lameki, msuweni wanga wamkulu, omwe ankaphunzitsa mpira pasukulu yathu ku Biwi ndili Sitandade 6. Anandichotsa m'timu pamaso pa anzanga n'kundipatsa chigubu choti ndizitungira osewera madzi. Mlandu wanga unali kumenya mpira ndi chala chachikulu cha kuphazi. "Uko n'kukumba mbatata, si mpira," anatero. Malo anga anapatsa Chifundo, yemwe anali ndi nsapato.

Mpira wake unali wa anthu asanuasanu, pasimenti ya bwalo la netibolo. Malo anali ochepa, golo laling'ono, ndipo ukachedwa kukweza mwendo, akulanda.

Chala changacho sichinali chaumbuli ayi. Kuseri kwa chigayo tinali ndi masewera athu. Tinkandandalika zitini zadzimbiri m'mbali mwa khoma n'kumazigwetsa ndi chikulunga chomanga ndi majumbo. Kubwerera m'mbuyo kukatenga liwiro kunali kosatheka, chifukwa kumbuyoko kunali ngalande yonunkha. Unkamenya uli chiimire. Wophonya ankabereka mnzake mpaka pampopi, atsikana otunga madzi akufa nazo nseko. Ine ndi mtima wangawu, kubereka munthu kawiri? Ndinamenya zitini mpaka chikhadabo chinada bii, fumbi la ufa litandiyeretsa kumutu ngati nkhalamba.

Tsiku lomwe tinasewera ndi ana a ku Kawale, simenti inkawotcha ngati chiwaya cha tchipisi. Chifundo ankati akamakonzekera kumenya mwaulemu ngati a pa TV, mpira wapita kale. Kenako anaterereka n'kusupuka bondo, ndipo wolowa m'malo mwake panalibe. A Lameki anandikodola osandiyang'ana n'komwe.

Mpira unandipeza pakati pa anyamata awiri. Sindinakweze mwendo. Ndinangoubaya ndi chala, phu! Goloboyi wawo anadzidzimuka mpira utagunda kale njerwa kumbuyo kwake. Tinapambana ndi chigoli chimenecho. A Lameki anayendayenda akuuza aphunzitsi kuti ndi maphunziro awo. Ine ndinangonyamula chigubu chija, ndikanawatsutsa bwanji? Ndinkagona m'nyumba ya makolo awo.

Sukulu ndinalekera Sitandade 7, lero ndimawotcherera zitsulo ku Mchesi. Pomwe panali chigayo pali golosale, ndipo ana ambiri ali ndi nsapato ndi mipira yeniyeni, koma pagolo amachedwabe. N'chifukwa chake Loweruka ndimawandandalikira zitini pasimenti ya netibolo pomwe paja, wophonya n'kubereka mnzake.

Mwezi watha a Lameki anatulukira, mimba ili patsogolo. Anaimirira n'kuuza anawo kuti, "Aphunzitsi anuwa ndinawaumba ndine."

Ndinatola chitini chimodzi n'kuwapatsa m'manja.

"Achimwene, inu munandiphunzitsa kunyamula chigubu. Aphunzitsi anga ndi awa. Apatseni moni."