Bwato la Odessa ndi payipi ya Russell

Odessa Pells ndi mdzukulu wanga, mwana wa malemu Verna, ndipo ndinamulera ndekha kuyambira asanamere mano. Ndikulemba izi chifukwa anthu kuno ku Mashpee ayamba kusimba nkhani ya bwato lija aliyense mmene akufunira, ena mpaka kudziikamo chonsecho kunalibe. Ine ndinalipo.

Ali wamng'ono, tsiku lina atabwera kuchokera kusukulu, chakudya sanachikhudze. Nditamuumiriza anati aphunzitsi awerenga m'buku kuti Awampanoag, mtundu wathu wa eni nthaka oyambirira kuno, anatha kalekale. Iye atakweza dzanja kunena kuti ndi mmodzi wa iwo, kalasi lonse linaseka. Mnyamata wachizungu wokhala kumbuyo kwake, Russell Hallett, anamukoka tsitsi n'kumufunsa komwe wasiya nthenga zake. M'mawa mwake ndinapita kusukuluko ndi epuloni yomwe. Zimene ndinanena kumeneko sindizilemba pano, ndine munthu wa tchalitchi.

Mwanayo anakula ndi mkwiyo umenewo, koma wake suphulika ngati wanga, umayakira pansi. Anapita ku koleji ku Boston, n'kubwera kudzapempha ntchito pasukulu yomweyo. Mkati mwa sabata ankaphunzitsa mbiri, Loweruka ankaphunzitsa ana athu chilankhulo chathu, chimene ine sindinachimvepo m'kamwa mwa amayi anga. Atamusankha kulowa m'bwalo lotsogolera mtundu wathu, amalume ake, mwana wanga woyamba Elwood, anati sukulu inamuzula mano. Anati munthu wopempha chilolezo pa chilichonse sangatsogolere anthu.

Odessa anali atalonjeza ana ake a Loweruka mishoon, bwato lathu losema ndi moto. Paini wonenepa kufika pamenepo masiku ano sapezeka wamba. Anafufuza zaka, mpaka mlimi wina wa kumpoto anatipatsa mtengo umene unagwa ndi mkuntho. Wina wotero sitikanaupezanso. Tinagoneka chipikacho m'mbali mwa dziwe, n'kuyatsa moto pamwamba pake. Moto wotere suzima mpaka ntchito ithe. Anthu amalandirana, ena kupala makala ndi zigoba za nkhono za m'nyanja, ena kumata dongo lonyowa pamene khoma layamba kupyapyala. Ndipo tonse tinkadziwa kuti chipika chotentha chotero ukachithira madzi ozizira ambiri, chimang'aluka.

Chilolezo choyatsa moto chinalipo, Odessa anakachitenga ngakhale Elwood ankamuseka. Koma mvula inali itasowa, nkhalango yonse ili gwa. Moto utadya kupitirira theka, masana ena mphepo inatembenuka n'kuyamba kuwombera kutsidya kwa msewu, kumene kuli nyumba zatsopano za anthu obwera kudzapuma nthawi yotentha. Ndinali pampando wanga ndikugawa msuzi wa nkhono pamene ndinaona mbaliwali za moto zikuuluka kupitirira mitu yathu.

Sipanatenge nthawi, galimoto ya ozimitsa moto inafika. Mkulu wawo anali Russell Hallett yemwe uja, atanenepa, dazi litayamba. Anati chilolezo chapita ndi mphepoyo, moto uzime pompano. Anyamata ake anayamba kutambasula payipi.

Elwood anakaima patsogolo pa chipika, fosholo ili m'manja, anyamata athu kumbuyo kwake. Anati pano ndi pa dziko lathu, wofuna kuthira ngakhale dontho ayambe wadutsa pa iye. Inenso ndinadzuka ndi chipande changa, mawondo akulira.

"Agogo, khalani pansi, msuzi ukuzizira," anatero Odessa osacheuka n'komwe. "Amalume, fosholoyo ndi ya makala, si ya mitu ya anthu."

"Mwamumva mphunzitsi wanu?" Elwood anafunsa anyamata aja. "Tsopano atiphunzitsa kugwada."

Odessa anapita kukaima pamaso pa Russell, n'kunena onse akumva kuti bamboyo akunena zoona, mphepoyo ndi yoipa, moto uyenera kuzima. Elwood analavula pansi. Koma mwanayo anapitiriza kuti uzime ndithu, koma osati ndi madzi. Makala tiwawole ndi mafosholo n'kuwaika m'migolo yachitsulo, m'bwatomo tithiremo mchenga, payipiyo inyowetse udzu ndi mitengo ya m'mbali mwa msewu.

Russell anayang'ana nsonga za mitengo mmene zinkapindikira, n'kuyang'ananso nyumba zija.

"Moto ukangowoloka msewu uwo, ndithira pachipikapo, Mayi Pells. Sindifunsa munthu."

"Ukawoloka ndikugwirira payipiyo ndekha. Pakali pano tenga fosholo, Russell. Manja aja okoka tsitsi ukadali nawo, eti?"

Bamboyo anafiira mpaka padazi. Anauza anyamata ake kuti alozetse madzi ku udzu, iye n'kutola fosholo.

Elwood yekha anangoima chilili. Kumbali yowombedwa ndi mphepo dongo linali litauma n'kuyoyoka, ndipo moto unali ukudya khoma tikuona. Odessa anali atagwada pamenepo, akumata dongo ndi manja opanda kanthu, utsi uli m'maso. Anauza amalume akewo, osakweza mawu, kuti akaimabe choncho bwatolo libooka popanda mzungu kulikhudza. Elwood anatukwana, n'kulowetsa fosholo m'moto.

Kenaka udzu unayaka m'mphepete mwa msewu. Mnyamata wa payipi anayang'ana bwana wake, dzanja la Russell lili m'mwamba. Kuchokera pampando wanga sindinkatha kuona ngati motowo unali mbali yathu kapena kutsidya. Ndinaluma epuloni. Madzi anagwera pa udzuwo, utsi woyera unakwera, ndipo Russell anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Unali mbali yathu.

Makala atatsala pang'ono, Odessa anabwera kwa ine, n'kukhuthulira msuzi wotsala m'beseni osandipempha. Anatenga mphika wanga wachitsulo, wa amayi anga, anaikamo makala ofiira ndi phulusa n'kuvundikira. Anauonetsa Russell, iye anagwedeza mutu kuvomera. Makala amenewo ndinakawasunga amoyo m'chitofu changa mpaka mvula itagwa, ndipo ndi moto womwewo umene unamaliza bwato.

Silinang'aluke. Koma khoma limodzi linatsala lopyapyala, ndiye pamadzi limapendekera kudzanja lamanja. Elwood amati limapendekera kutauni ngati mwini wake, chonsecho ndiye amalipalasa kuposa aliyense. Odessa zikhatho zake zili ndi zipsera mpaka lero, choko amachigwira mwachilendo.

Tsiku lolilowetsa m'madzi, ana ake a Loweruka ataimba m'chilankhulo chathu, anyamata athu anandinyamula kundikhazika m'katimo. Odessa anati ndisendere kumanzere, kumeneko n'kumene kukufunika munthu wolemera. Ndinamuyang'ana ndi diso, ndinasendera, ndipo bwato linawongoka.