Chidebe cha a Sadakichi

A Sadakichi ankazidziwa iwana za m'kamtsinje ka kwathu kuno, kumapiri a Akita, ngati ana a m'nyumba mwawo. Nsomba zamawangamawangazi sizipita kunyanja. Zimabadwira pomwepo n'kukalambira pomwepo, pansi pa zipika zogwera m'madzi, pamthunzi pamene madzi amazizira mpaka mano kuwawa. Masamba akafiira zimaikira mazira m'timiyala, ndipo nyengo imeneyo a Sadakichi mbedza ankaipachika.

Chaka chimene madzi osefukira anakokolola mlatho ndi minda ya mpunga, boma linati mtsinjewo ukonzedwe. Woyendetsa chimakina chokumba anali Norio, mwana wawo yemwe.

"Iwe, chipika icho chisiye!" anakuwa a Sadakichi ali pagombe. "Pansi pakepo pali eni ake."

"Eni akewo atimangira mlatho, bambo?" anaseka Norio. "Zipika zomwezi ndi zimene zinatseka madzi. Adzukulu anu akanapita nawo."

Apo mwanayo sananame.

Zipika zinachotsedwa, maiwe anakwiriridwa, pansi ponse anathira simenti. Mtsinje unasalala ngati mbale yotsuka. Iwana zotsala zinaunjikana m'kachithaphwi, dzuwa likuziwotcha.

Kalekale, a Sadakichi ali mwana, bambo awo ankanyamula tinsomba pamsana kukatiika kumtunda kwa mathithi, kumene nsomba siingakwere yokha. A Sadakichi anachita chomwecho. Anawolera iwana zija m'chidebe, n'kuvundikira ndi masamba, ulendo wa kuphiri. Mawondo ankakana, iwo n'kumawakakamiza. Pa kasupe aliyense ankaima kusintha madzi.

"Pirirani, anzanga, tafika," ankatero.

Atatulukira pamwamba pa mathithi anapeza kuli mbee. Mitengo yonse anaidula polambula msewu wa malole a simenti aja. Anapisa dzanja m'madzi: ofunda, amatope, ngati otsukira mpunga. Anakhala pachitsa, chidebe pakati pa miyendo, akuyang'ana nsombazo zikutembenuza mimba imodziimodzi.

Madzulo anazithira mchere, n'kuzitunga patimitengo, n'kuziimika mozungulira makala. Norio anabwera ndi fumbi lake la simenti, nadya mpaka mutu womwe.

"Koma ndiye zokoma, bambo! Mwaona? Mumadandaula chabe. Mawa mukagwirenso zina."

A Sadakichi anamukankhira ya iwo yomwe.

"Tafuna pang'onopang'ono, mwanawe. Ndi zomaliza zimenezo."