Kuumira Kunatidyetsa Mankhwala a Thonje

Inu owerenga, ndine mayi wa ku Tengani kuno ku Nsanje, ndipo zimene ndikufuna kukuuzanizi ndikaziganiza mpaka lero mseru umandigwira. Mdzukulu wanga woyamba anapita asanaone dzuwa. Sikuti ndi mfiti kapena njala, ayi, koma kabotolo ka mankhwala osungira mbewu kamene amuna anga anakana kugula. Chakudya chimene chinabweretsa zonsezi ndinaphika ndine, ndi manja angawa. Amati tsoka silinunkha, koma lathuli linkanunkha nyumba yonse, ine n'kumangotseka mphuno.

Musandimve molakwa, kusamala ndalama sindidana nako. Kuno kwathu dzuwa likapanda kuwotcha mbewu, madzi osefukira ndiwo amakokolola, ndiye munthu womwaza sachedwa kugona ndi njala. Ine ndinakula ndikudziwa kufutsa masamba a khobwe nthawi ya dzinja kuti m'chilimwe tisamagule ndiwo. Mchere ndimagula wambiri kamodzi m'malo mwa timapepala ta tsiku ndi tsiku. Tizidutswa ta sopo ndimatiphatikiza pamodzi, nandolo ndimayamba ndaviika kuti asandithere nkhuni, ndipo kumsika ndi kutchalitchi ndimayenda wapansi, kabaza ndimasiyira odwala. Zimenezi ndi nzeru, ndipo mwana wanga ndinamuphunzitsa zomwezo.

Koma za amuna anga, bambo a Rozina, sizinali nzeru, anali matenda. Munthu wa khola lodzaza ng'ombe, munda wa thonje woti kuuzungulira miyendo imachita kuwawa, koma mukakumana nawo panjira mukhoza kuwavulira malaya anu chifukwa cha chisoni. Machesi ankawang'amba pakati ndi lezala kuti kamtengo kamodzi kayatse kawiri. Masamba a tiyi akamwa ankawayanika padenga la khitchini, ntchentche n'kumaterapo tsiku lonse, mawa lake n'kuwiritsanso. Nkhuku ikafa ndi chitopa kwathu sitinkakwirira, ati moto umapha zonse. Tsiku lina anabwera ndi milamba youma yotsika mtengo kuchokera kudambo. Nditathyola umodzi, mphutsi zinakhuthukira m'mbale zili nyakwinyakwi. Iwo anati ndingokutumula, mphutsi ya nsomba ndi nsomba yomwe. Ndinaphika, anadya mpaka kunyambita zala, ine ndinagona ndi njala.

Ndikakadandaula kwa ankhoswe ankangondiseka. Ati mwamuna samwa mowa, sayenda ndi akazi, chuma chili m'khola, ukufunanso chiyani? Banja n'kupirira. Komanso ng'ombe za malowolo anga abale anga anadya kalekale, ndiye ndikanabwerera kwa yani? Ndinapirira mpaka zonyansa zinasiya kundidabwitsa, ndipo pamenepo m'pamene ndinayambira kusochera.

Chaka chimenecho mapira anatichitira bwino. Tinapuntha, tinapeta, matumba n'kudzaza kachipinda kosungiramo zinthu. Pasanapite nthawi anankafumbwe analowamo, moti ukayandikitsa khutu pathumba unkawamva akuchita phwando. Ndinawauza bambo a Rozina kuti agule mankhwala a ufa aja osungira mbewu, kapena matumba aja osalowa mpweya. Mtengo wake sunkafika n'komwe pa kamwana ka mbuzi.

“Nkhabe, amake Rozina,” anakana choncho. “Kobiri satola pansi. Ndiona chochita ine.”

Chochita chawocho ndinadzachidziwa mochedwa, koma inu ndikuuziranitu pano. Kwathu ku Ndamera kunagwa maliro, ine n'kupita kukakhala masiku angapo. M'mbuyo muno iwo anatenga mankhwala otsala opopera mbozi m'thonje, aja a m'botolo lojambulidwa chigaza cha munthu, amene alangizi amati ukapopera usambe ndi sopo usanagwire chakudya. Anawasungunula m'pampu, anayala mapira onse pamikeka, anapopera monga amachitira kumunda, n'kuyanika padzuwa, kenako n'kubwezera m'matumba. Mumtima mwawo ankadziona ochenjera, ati apha anankafumbwe osatulutsa ndalama.

Nditabwerako, fungo linandilandira pakhomo pomwe. Linali fungo lija lomwe limatsalira m'zovala munthu akachokera kopopera thonje. Nditafunsa, anati asungira pampu m'kachipinda ka mapira, fungolo litha lokha. Ndinayandikitsa khutu pathumba, kunali zii. Patapita masiku ndinasesa makoswe akufa kuseri kwa matumba. Ndinasinja mapira, gaga wake n'kuwazira nkhuku, ndipo madzulo ake zina zinayamba kuzandima, kukacha zili gwaa. Bambo a Rozina anati ndi chitopa, ndisosole. Inu owerenga, ine si mwana, chitopa ndimachidziwa, ndipo pamudzi ponse palibe nkhuku ya wina imene inadwala. Mtima unandiuza kuti pali china chake, koma ndinali nditatopa ndi mikangano. Nkhukuzo ndinakazitaya kuchimbudzi iwo ali kubusa, n'kutseka pakamwa.

Nthawi yomweyo ndi imene Rozina anabwera. Rozina ndi mwana wathu mmodzi yekhayo. Anakwatiwa kuboma, ndipo anakhala zaka m'banja popanda mphatso ya mwana, moti achibale a mwamuna wake anali atayamba kulankhula zam'mbali za ng'ombe zawo. Tinapemphera mpaka mawondo kuchita zikang'a. Mulungu atamukumbukira, ine ndinavina ndekha kukhitchini. Poti inali mimba yoyamba, miyezi yomaliza anabwera kwathu kuti ndimusamale ine mayi wake.

Mimba ija inali ndi mwano. Nsomba ankangomva fungo n'kuthawa, nsima ya chimanga ankaibweza. Chimene chinkakhazikika m'mimba mwake ndi phala la mapira ndi thobwa la mapira basi. Ine n'kumasangalala kuti mapira alipo ambiri, mwana wanga adya mpaka atope. M'mawa phala, masana thobwa, dzuwa likamatentha thobwa, madzulo phalanso.

Tsiku lina atanyamula kapu anaima, n'kununkhiza.

“Mama, thobwali likununkha ngati pampu ya baba.”

“Ndi mphuno za pakati zimenezo, mwananga. Imwa, mwana akule.”

Ndinatenga shuga amene ndinkabisa m'kachitini, n'kumuwonjezera kuti fungolo lisamveke. Anamwa lonse, n'kundithokoza mwa chikwathu kuti takhuta, mama. Mawu amenewo amandibaya mpaka lero.

Tonse pakhomopo tinkamva mutu kuwawa ndi m'mimba kupotokola, koma tinkanamizira dzuwa ndi madzi amchere a pamjigo. Ife tinkadyako nsima ya chimanga, Rozina yekha ndiye ankadalira mapira tsiku lonse. Anayamba kufooka, kudandaula kuti maso akuchita chifunga. Ndinati apite kusikelo tsiku lake lisanakwane, bambo ake anati ulendo umodzi womwewo ukwanira, ndalama ya kabaza isapite kawiri.

Masana ena ndikuchokera kotunga madzi ndinamupeza atagwa pansi pa mtengo wa nimu. Anali atasanza, dovu likungochucha, thukuta thupi lonse, manja akunjenjemera. Ndinakuwa mpaka anthu anasonkhana, wina n'kuthamangira wa njinga yamoto. Inu owerenga, mwana ali gone pansi, maso atatembenuka, bambo ake anayamba kunenerera mtengo ndi wa njingayo, ati nthawi zonse sakwera ndi ndalama imeneyo. Bambo wa njingayo anangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundiuza kuti tikwere. Ndinamugwirizira Rozina pakati mpaka kuchipatala chakwathu, ndipo kumeneko sanachedwe, anatitumiza kuboma pa ambulansi.

Kuboma anamwino atangomva fungo la masanzi anandifunsa ngati mwanayu wamwa mankhwala a mbewu kuti adziphe. Mwamuna wa Rozina anali atafika, ndipo maso a anthu onse anatembenukira kwa iye ngati ndiye wamuzunza mkazi mpaka kufika pamenepo. Mkamwini wathuyo analira ngati mwana, akulumbira kuti sanayambanepo. Bambo a Rozina anafika pambuyo panjinga yawo yakapalasa, poopa kulipira minibasi, ndipo anaima pakhonde akumva zonsezi, pakamwa ali tsekee. Anali okonzeka kuti mwana wawo atchuke kuti amafuna kudzipha, mkamwini asenze mlandu, bola zawo zisaululike.

Pamenepo m'pamene makoswe aja, nkhuku zija ndi fungo lija zinakumana m'mutu mwanga. Ndinawafunsa bambo a Rozina pamaso pa anthu chimene anathira m'mapira. Anayang'ana kumbali.

“Ndinangowaza pang'ono pokha. Ndinasungunulatu kwambiri, madzi okhaokha.”

Madokotala anayesetsa, ndipo Rozina anapulumuka. Koma mwana m'mimba anali atasiya kugunda. Anabadwa ali chete, kamnyamata, tsitsi lakuda bii, zala zonse zokwana. Mwana wotere kwathu kuno amakaika amayi okhaokha, popanda nyimbo, popanda kulira mokweza. Ndinamunyamula ndine m'kansalu kamene ndinagula kuti ndidzamuberekere.

Mwina mukuganiza kuti apa munthu anasweka mtima n'kusintha. Dikirani. Rozina adakali m'chipatala, ndinabwerera kumudzi kukatenga zovala. Ndinapeza ngolo ili pakhomo, ng'ombe zili m'goli, matumba a mapira aja atasanjidwa bwinobwino. Ndinafunsa kumene akupita nawo.

“Kumsika. Mapira onsewa angowonongeka? Ogula akakatsuka zitha, sadziwa kanthu.”

Inu owerenga, ndinasanza pomwepo, patsogolo pawo. Munthu ndinagona naye mphasa imodzi zaka zonsezi, dothi la pamanda a mdzukulu wake lisanaume, ankafuna kukadyetsa ana a eni zomwezo. Mphutsi za m'milamba zija zinali zaukhondo poyerekeza ndi zimene ndinaona mumtima mwa munthu ameneyu tsiku limenelo. Ndinakhala pansi kutsogolo kwa ng'ombe n'kuyamba kukuwa, kuitana mudzi wonse, kuwauza zonse osabisa kanthu. Kupirira kuja kunathera pamenepo.

Anthu anatsitsa matumba, wina n'kukaitana a zaumoyo a m'dera lathu. Iwo anatiuza kuti tikumbe dzenje lakuya kutali ndi mjigo ndi kumene kumadya ziweto, tikwirire zonse. Amuna a pamudzi anakumba, n'kuyamba kuponyamo matumba. Bambo a Rozina anaima chapatali manja ali kumbuyo. Atatsegula pakamwa ndinaganiza kuti mwina apepesa. Anati tikhuthule mapira okhawo, matumbawo tiwabwezere poti ndi atsopano. Mayi wina wachikulire anangolavula pansi.

Lero tikadali pakhomo limodzi, koma mphika wanga ndi wawo sizikumananso. Ng'ombe zawo zikuswanabe, iwo akung'ambabe machesi. Ine ndimalima kamunda kanga, ndimasunga mbewu zanga m'matumba osalowa mpweya amene ndinagula nditagulitsa nkhuku, ndipo kufutsa masamba ndi kuphatikiza sopo sindinasiye. Kusamala ndi kwabwino. Chimene ndinasiya ndi kutcha kuumira kuti kusamala.

Ndiye inu owerenga, makamaka alimi anzanga a thonje, ndikukupemphani. Sungani ndalama posiya mowa, poyenda wapansi, posoka chovala chong'ambika, pophika zokwanira kuti zisatayike. Koma chilichonse cholowa m'kamwa mwa munthu musachichitire kuumira. Mankhwala a thonje ndi a thonje, asayandikire mapira, chimanga, nyemba kapena nsomba, ndipo botolo lake musasungiremo mchere kapena mafuta ngakhale mutalitsuka ndi phulusa. Chiweto chofa chokha kwirirani. Ndipo inu amayi anzanga, mphuno yanu ikakuuzani kuti chakudya sichili bwino, musaope mkangano. Mkangano umatha, koma madzi akatayika sawoleka.

Rozina banja lake lilipo, ngakhale mpaka pano sanaimenso. Ndi pakamwa anandiuza kuti anandikhululukira, ndipo amabwera kudzandiona. Koma amabwera ndi ufa wake m'jumbo ndi madzi ake m'botolo. Ulendo wathawu ndinamuphikira thobwa la chimanga chogula, chimene ndinasankha ndekha ndi kutsuka ndekha, n'kumupatsa m'kapu yatsopano. Analandira ndi manja awiri mwaulemu, n'kuifikitsa pamphuno. Kenako anaiika pansi pang'onopang'ono, nati takhuta mama, ndamwa kale. Ndinatenga kapuyo n'kubwerera nayo kukhitchini ili yodzaza.