Dzina Limene Linasowa M'makalata

Tsiku limene abwana anandiuza kuti awasamutsira ku Iran ndipo akufuna kupita ndi dalaivala wawo, sindinapemphe n'komwe nthawi yoganiza. Ndinali nditawayendetsa zaka zinayi ku Lilongwe. Anali mzungu wa ku ofesi ya kazembe wa dziko lina la ku Ulaya, ndipo ine, chifukwa chowatsegulira chitseko tsiku ndi tsiku, ndinkadzimva ngati theka la kazembe. Loweruka lake ndinakwera basi kupita kumudzi, kufupi ndi Kasina, kukawauza akazi anga Anabanda. Ndinawapeza kudimba akupalira kachewere.

"Kumeneko si kuja wailesi ikuti kuli nkhondo?" anandifunsa.

"Nkhondo ili kumalire, ife tikakhala mumzinda. Zaka ziwiri zokha."

"Bambo a Rozina, zaka ziwiri zanuzo ndimazidziwa ine."

Rozina anali mwana wathu woyamba, wazaka zisanu ndi zinayi, ndipo pambuyo pake panali Piyo ndi Tereza. Rozinayo ndiye anandisenzera chikwama mpaka pamsewu. Ndinamulonjeza kuti tsiku lodzayamba sekondale ndidzamuperekeza ndine, ndipo ndidzamubweretsera nsalu imene ku Dedza konse kulibe.

Teherani, likulu la Iran, ndi mzinda wa m'tsinde mwa mapiri, wozizira kuposa Dedza mwezi wa Juni. Abwana ankakonda kutchula dzikolo ndi dzina lake lakale loti Perisiya. Ntchito yawo inali kulembera boma lakwawo zimene olamulira a kumeneko akuganiza pa nkhondo yawo ndi Iraq. Vuto linali loti olamulirawo sankauza mlendo kanthu. Panali pulezidenti, panali nyumba ya malamulo, panali akuluakulu achipembedzo ovala nduwira, ndipo akazembe ankatha tiyi wambiri akukangana kuti mwini chiwongolero ndani. Ife madalaivala tinkaseka panja. Mphekesera inkatuluka m'galimoto yathu Lolemba n'kubwerera Lachinayi itavala jekete, abwana n'kuilemba ngati nkhani yatsopano.

Komabe abwana anga anali ndi njira zawo. Anthu a kumeneko ali ndi mwambo woti mnyamata akamwalira asanakwatire, abale amaimika pamsewu kanyumba kokongoletsedwa ndi magalasi ndi nyale, m'malo mwa ukwati umene sanauone. M'mawa tinkazungulira m'madera a anthu osauka, ine ndikuwerenga timanyumbato mokweza, iwo akulemba m'kabuku.

"Boma silinena za maliro, Phiri," ankatero, "koma msewu sudziwa kubisa."

Njira ina inali nyuzipepala. Womasulira ankawawerengera mayina a akuluakulu amene afika ku mapemphero a Lachisanu, iwo n'kumafunsa kuti wasiya kutchulidwa ndani. Kumeneko munthu akagwa sankalengeza, dzina lake linkangosowa. Ine chilankhulo chawo sindinkawerenga, koma nkhope ndinkazisunga. Tsiku lina ndinawauza kuti nduna ina yandevu zochepa yatha milungu itatu osaoneka pazithunzi. Analemba lipoti, ndipo mwezi usanathe zinadziwika kuti aichotsa. Anandigulira wotchi. Ndinadzitama nazo m'kalata yakumudzi, masamba awiri athunthu.

Zodzitamazo zinkaphimba kusungulumwa. Miyezi inkatha osamva Chichewa, mpaka ndinkadzilankhula ndekha potsuka galimoto, ndipo Lamulungu ndinkaimba nyimbo za Misa ya ku Kasina ndili m'kachipinda kanga. Makalata ankabwera m'thumba la ofesi, kamodzi pa miyezi itatu. Onse ankayamba ndi mawu oti "Okondedwa bambo a Rozina", n'kutha ndi moni wa ana, aliyense ndi dzina lake. Ndalama ndinkatumiza ndithu, nyumba tinafolera malata, ndipo ndinkaganiza kuti ubambo ndi womwewo.

Nkhondo itatha ndinabwera kutchuthi mwezi umodzi. Abwana anga anali atabwerera kwawo, koma owalowa m'malo ankandifuna chifukwa ndinkadziwa misewu. Rozina, atatalika kufika paphewa panga, anandipeza ndikulongedza.

"Bambo, nkhondo ija yatha. Mukukatani?"

"Kukutengera nsalu ija," ndinamuseka.

Sanaseke nane. Zoona zake n'zakuti ndinkakonda ulemu wa kumeneko, ndipo ndinkaopa kudzakhala mlimi wamba wa kachewere. Ndinabwerera chifukwa cha mtima wanga, osati chifukwa cha ana.

Patapita zaka makalata anayamba kufupika. Anabanda anayamba kulemba kuti "Okondedwa a Phiri". Ndinati akwiya chifukwa chochedwa, amayi amatero. Ndinkawawerenga mothamanga, maso akufuna pamene alemba kuti ndalama zafika, kenako n'kuponya m'sutikesi.

Ndinabwera kwathunthu chisankho cha matipate chitangochitika. Mu minibasi yochokera ku Lilongwe anthu ankatchula atsogoleri mayina mokweza, kuwanyoza n'kumaseka, zimene ndinasiya munthu akunong'ona. Nanenso ndinalowerera. Ndinawaphunzitsa mmene amadziwira nduna imene yatsala pang'ono kugwa, mpaka mayi wina wonyamula kabichi anati, "Achimwene, nanu imani nawo pa chisankho chikubwerachi." Ndinatsika pa Dedza Boma ndikudzimva katswiri.

Kumudzi anandilandira ndi nthungululu zochepa. Piyo anali atandipitirira msinkhu, Tereza ankandiyang'ana ngati mlendo. Ndinatsegula sutikesi pakhonde n'kutulutsa nsalu yobiriwira ya ulusi wagolide.

"Rozina ali kusukulu?"

Amalume awo a Anabanda, a Lufeyo, eni mbumba, anadzuka n'kundikodola. Tinakakhala kuseri kwa nyumba. Anandiuza kuti Rozina anamwalira dzinja la chaka cha dzana. Anadwala mutu ndi khosi masiku atatu okha, ndipo kalata yomusankhira ku sekondale inafika iye ataikidwa kale.

Ndinakuwa ngati wamisala. Ndinawafunsa kuti anandiyesa galu kapena chiyani, mwana wanga kuikidwa zaka ziwiri ine osadziwa.

"Ndinaletsa ndine, akamwini," anatero a Lufeyo modekha. "Uthenga wa maliro sitiupereka papepala kwa munthu amene ali yekha kuchilendo. Akanakugwirani ndani? Tinati mudzamve muli pakati pa anthu."

Ndinapita kwa akazi anga. Anali atakhala pakhonde pomwepo, nsalu ija ili pamiyendo pawo.

"Inunso, Anabanda? Kundinamiza zaka ziwiri?"

"Sindinakunamizeni ngakhale kamodzi. Amalume anati ndizilemba kuti ana onse ali bwino, ine ndinakana. Ndinangosiya kumutchula. Munatilembera nokha kuti kumeneko mumadziwa kuti munthu wagwa mukaona dzina lake lasowa. Ndinati bambo awa aona, afunsa. Kalata iliyonse yanu ndinkaitsegula ndikuti lero afunsa."

Makalatawo anali m'sutikesi momwemo, pansi pa malaya. Ndinawatulutsa n'kuwayala pamphasa, dzuwa likuswa mtengo. Asanu ndi awiri omaliza onse ankatha chimodzimodzi: "Piyo akupereka moni. Tereza akupereka moni." Ine amene ndinawerenga maliro a ana a eni m'misewu ya Teherani, amene ndinalandira wotchi chifukwa choona nduna yosowa pachithunzi, ndinawerenga mzere umenewo kasanu ndi kawiri osaona kanthu. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo anaposa ngakhale chisoni.

Mawa lake anandiperekeza kumanda. Pamtanda dzina linali litayamba kale kufufutika, ndipo ndinabwerera ndi penti kukalilembanso ndi dzanja langa.

Tsopano ndimalima kachewere m'dimba lomwe lija. Nsalu amavala Tereza popita ku Misa. Nthawi ya misonkhano ya zipani anyamata amabwera kudzandifunsa kuti ndani akwera, ndani agwa, poti ndinakhala ndi akazembe. Ndimawauza kuti akafunse ena. Anabanda sananditonzepo, amandiphikira, timapita limodzi kudimba, timaseka. Koma kunyumba kuno ndinachoka ndili bambo a Rozina, ndipo mpaka lero amandiitana kuti a Phiri.