Pempho la Mkulu wa Mawotchi

Kukangocha, belu la ku kachisi lisanalire, mkulu woyandikana nane nyumba amakhala ataima kale pakhomo panga, kagalasi kali padiso. Anakalambira ku fakitale ya mawotchi kuno ku Suwa, ndipo amati wotchi yosayendera batire ili ndi mtima ngati munthu. Amadzera wotchi ya malemu amuna anga, imene ndimaisunga paguwa la makolo. Ine ndikamafukiza lubani, iwo amapukusa kamutu ka wotchiyo n'kuiika kukhutu.

"Mayi Koike, utsi wanuwu ukuitsamwitsa. Yachedwa masekondi anayi."

"Akufa sathamangira sitima, bambo."

"Akufawo ayi, koma iyi ili moyo."

Mwezi watha anabwera atavala suti, tsitsi lili noninoni. "Mawa ndibwera ndi pempho lalikulu. Ndaliganizira zaka zitatu."

Tsiku lonse ndinasowa mtendere. Ndinagwada paguwa kupepesa malemu, uku ndikufunafuna mawu okanira nkhalamba popanda kuiswa mtima. Komabe ndinakakonzetsa tsitsi.

M'mawa mwake anagwada, chipumi mpaka pamphasa.

"Ine ndili ndekha, inunso muli nokha. Moyo ndi waufupi."

"Zoona, bambo," ndinanong'ona.

"Ndiye mukadzamwalira, wotchiyi mudzandisiyire ine."

Iwo ali ndi zaka 83, ine 56. Ndinangowathirira tiyi.

Yankho sindinawapatsebe. Koma masiku ano akamaliza kumvetsera wotchi, amandiyang'anitsitsa n'kufunsa mwaulemu ngati chifuwa chimene chandigwira chikupitirira.