Jombo za Abwana Zinatuluka Bwino

Mboni zanga ndi zitatu: mayi a Tadala, amene anandilongedzera mchere ndi tomato, a Chimwaza a ku Dedza, othira petulo ku Paarl, ndi nsomba imodzi imene ikadali moyo mpaka lero. Wokayika akaifunse.

Ndimagwira ntchito ya m'dimba ku Noordhoek, kuno ku Joni, koma Lamlungu ndimajambula anthu kutchalitchi kwathu ku Parow. Abwana atamva zimenezi anandipempha kuti Loweruka ndiwaperekeze kokawedza kumapiri. Anati kumeneko kuli chinsomba chimene chawazemba zaka zitatu, anzawo amawaseka kuti n'chabodza, ndiye akufuna chithunzi. Ine ndinangomvapo mawu akuti nsomba.

Tinanyamuka 5 koloko m'mawa. Ku Paarl abwana anandigulira payi wa R35, m'kati mwake muli mphepo ndi mbiri ya nyama. A Chimwaza atasuzumira m'galimoto n'kuona tomato wanga, anaseka mpaka kutsala pang'ono kuiwala kutseka thanki. Anati, "Achimwene, ameneyu mubwerera naye." Sindinawamvetse.

Tinalipira pageti n'kulowa mumsewu woboola phiri, wautali moti ndinatulukamo ndevu zitamera. Ndikulumbira.

Kumtsinje tinafika 8 koloko. Abwana anatsegula kabokosi. Nyongolotsi munalibe, munali nthenga zomangirira pambedza kuti zizioneka ngati tizilombo touluka. Kenako anatenga pulayala n'kuphwanya kaminga ka mbedza, ati nsomba isapweteke. Ndinakhala pansi kaye.

Tinayenda chowerama, tikunong'onezana ngati pamaliro. Mthunzi wanga usagwere pamadzi, tidikire mtambo udutse, tisaponde mwala wogwedera. Pofika masana ndinazindikira kuti matenda awo ndi anga ndi amodzi. Ndi mmene ndimazemberera mwana wamanyazi tsiku la ubatizo: zida zodula, kudikira mpaka msana kuwawa, ndipo ukangophethira chapita.

Cha m'ma 2 koloko ndodo inapindika. Nsomba inatuluka, kutalika kwake kuyambira pachigongono changa mpaka kunsonga ya chala. Abwana anainyamula ndi manja awiri.

"Jambulani, Banda! Msanga, ikufunika kupuma!"

Tsono ine Amalawi ndawajambula zaka zambiri, ndipo palibe amene analandirapo chithunzi chodula nsapato. Munthu wazivutikira ku Joni, kumudzi azione. Abwana anali atavala jombo zofika m'chifuwa, zodula kuposa malipiro anga a mwezi. Miyendo yanga inabwerera yokha m'mbuyo, mapazi khumi, ndipo ndinadina. Iwo anaibwezera nsomba ija m'madzi mwaulemu, ngati akuperekeza apongozi. Ine ndi tomato tinangoyang'anana.

Abwana ataona chithunzicho anakwinya nkhope kuyambira kumtsinje, kudutsa m'phiri, mpaka ku Parow. Jombo zinatuluka bwino kwambiri. Phiri linatuluka, mtambo unatuluka. Nsomba inkaoneka ngati usipa umene munthu watola pansi. Ndinayamba kuwerenga mumtima madimba a ku Noordhoek amene alibe munthu.

Titaima pamaloboti, anandifunsa osandiyang'ana.

"Koma munaiona, eti?"

"Ndinaiona, bwana."

"Inali yotalika bwanji?"

Ndinatambasula manja, n'kuwonjezerako pang'ono poganizira ana. Anayang'anitsitsa manjawo mpaka am'mbuyo anayamba kuimba mahutala.

Mayi a Tadala analandira tomato wawo atapsa m'chikwama, n'kundifunsa ngati chithunzicho achikazinge kapena achiwiritse. Ntchito ndikadali nayo, ndipo inawonjezekera. Anzawo a abwana akabwera, ndimaitanidwa kuti ndisiye wilibala ndidzachitire umboni. Paulendowu ndinaphunzira kuti wowedza ndi wojambula safera ndiwo, amafera woti awakhulupirire. Sabata yatha nsomba ija inafika paphewa. Ikudya bwino kumapiriko.